Mayina awiri pa makina amodzi: anawapanga ndani?

Funso: Akonzi, ndinagula makina akale a lathe (makina amene amazunguza chitsulo pochisema) kwa mkulu wina amene anatseka galaja yake. Kutsogolo kwake kunalembedwa kuti Colchester, koma m'mbali muli kachikwangwani kamkuwa kokhomedwa ndi timisomali, kolembedwa kuti Thos. W. Ward, Sheffield. Kodi mwa awiriwa anapanga makinawa ndani, nanga zaka zake ndingazidziwe bwanji? Ndine mmisiri wa ku Ndirande.

Yankho: Bambo, makina anuwo anapangidwa ndi kampani ya Colchester ya ku Essex, m'dziko la England, ndipo a Ward anali ogulitsa chabe. Kale amalonda a makina ankakhoma dzina lawo pa chilichonse chodutsa m'manja mwawo, chatsopano kaya chogwirapo kale ntchito, kuti wogula akadzafuna china adzadziwe kolowera.

Thomas W. Ward anayamba bizinesi yake ku Sheffield mu 1878 ndi malonda a malasha, kenako analowa m'malonda a zitsulo zakutha, kuphwasula sitima zapamadzi zokalamba ndiponso kugula makina a mafakitale amene atsekedwa, omwe ankawakonza n'kuwagulitsanso. Anthu a ku Sheffield amakumbukirabe kuti pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, asilikali atatenga mahatchi, kampaniyi inabwereka njovu yotchedwa Lizzie kuti izikoka ngolo za zitsulo m'misewu ya mzindawo. Musaisokoneze kampaniyi ndi kampani ina yotchedwa H. W. Ward ya ku Birmingham, imene inkapangadi makina a lathe. Wamalonda wina wamkulu anali George Cohen wa ku London, amene kampani yake, yomwe inadzatchedwa 600 Group, inagula fakitale ya Colchester yomweyo mu 1954.

Katundu wambiri amalondawa ankamupeza pa okushoni. Fakitale ikagwa, makina onse ankawapatsa manambala n'kuwalemba m'kabuku, ogula ankapatsidwa tsiku loti adzawaone, ndipo wotchula mtengo woposa anzake ankatenga katunduyo mmene alili, kumasula ndi kunyamula kuli kwa iye mwini. Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, maboma a Britain ndi America anagulitsa makina ochuluka zedi amene anatsala m'mafakitale a zida, moti amisiri ang'onoang'ono anayamba kukwanitsa kugula zimene kale ankangozionera patali. Mchitidwewu sunathe, pakuti fakitale yopanga makina a lathe ya Myford ya ku Beeston, kufupi ndi Nottingham, itatsekedwa mu 2011, katundu wake anagulitsidwanso chimodzimodzi.

Tsono kachikwangwaniko musakazule, chifukwa ndi umboni wa njira imene makinawo anayenda, koma zaka sikangakuuzeni. Pukutani bwinobwino mafuta ndi dzimbiri kumapeto kwa njanji za makinawo, chakudzanja lamanja, mupeze nambala yodindidwa pachitsulo, ndipo muiyerekeze ndi ndandanda za manambala a Colchester zimene zili pa intaneti. Mukadali pomwepo, yang'anani mmene njanjizo zadyekera pafupi ndi chuck (chopanira chimene chimagwira chitsulo chikamasemedwa), pamene ntchito zambiri zimachitikira, chifukwa m'malingaliro anga kudyekako n'kumene kungakuuzeni ngati munagula bwino kapena munaluza.