Musajambule mathovu musanawerengere v/T

Achimwene, mwati m'chaputala chachitatu cha kafukufuku wanu mukufuna kufotokoza mmene ma baryon (tinthu ngati proton ndi neutron) anachulukira m'chilengedwe choyambirira; imani nacho kaye chaputalacho, chifukwa dzenje limene mwaima m'mphepete mwakelo ndi lomwe ine ndinagweramo chamutu. Potential ya one-loop (kawerengedwe kongoyerekeza ka mphamvu ya Higgs field) imene mukufuna kudalirayo siingakuuzeni zoona za mmene kusintha kwa electroweak (pamene Higgs field inayamba kupatsa tinthu kulemera chilengedwe chikuzizira) kunachitikira mu Standard Model, chiphunzitso cha tinthu ting'onoting'ono, ndipo ikakuonetsani kachitunda pakati pa zigwa ziwiri, musathamangire kunena kuti mwapeza first order, kusintha kochitika kudzera m'mathovu.

Ine mbali yoyamba ya nkhaniyi ndinkaikonda kwambiri, ndipo mpaka lero ndimaikonda. Mu 1976, 't Hooft anaonetsa kuti nambala ya baryon siisungika kotheratu mu Standard Model, koma kuti pamene kuli kozizira njira yokhayo ndi yoboola chitunda cha mphamvu, zimene mwayi wake ndi wochepa zedi moti palibe amene angazione zikuchitika. Klinkhamer ndi Manton mu 1984 anafotokoza chimene chili pansonga pa chitundacho, chomwe ndi sphaleron, ya mphamvu pafupifupi 9 TeV. Kenako mu 1985 Kuzmin, Rubakov ndi Shaposhnikov ananena mfundo imene inandikokera ku phunziroli, yakuti pamene chilengedwe chinali chotentha koopsa panalibe chifukwa choboolera chitundacho, popeza kutenthako kunkangodumphitsa zinthu pamwamba pake. Kudumpha kulikonse kumasintha B (nambala ya baryon) ndi 3 komanso L (nambala ya lepton, tinthu ngati electron) ndi 3, pamene B − L imakhala momwemo. Ndinatenga zimenezi pamodzi ndi mfundo 3 zimene Sakharov anapereka mu 1967 zofunika kuti ma baryon achuluke kuposa ma antibaryon, ndinajambula mathovu akukula m'chilengedwe chimene chikuzizira, ndipo ndinatha miyezi yambiri ndikuwerengera kuchuluka kwa ma baryon opangidwa kutsogolo kwa khoma la thovu.

Tsiku loteteza kafukufuku wanga ndimalikumbukira ngati dzulo. Ndinali nditafika pa chithunzi chimene ndinkachinyadira kuposa zonse, thovu lili pakati, mivi ikuloza m'kati, pamene mayi amene anabwera kudzandiyesa kuchokera ku yunivesite ina anakweza cholembera chawo. Sanakweze mawu. Anangofunsa kuti m'kati mwa thovu langalo v/T (kukula kwa Higgs field kugawa ndi kutentha) inali zingati. Ndinatembenukira pa bolodi, choko chikunjenjemera m'dzanja, ndinagwiritsa ntchito Higgs wa 125 GeV monga ndinachitira m'pepala lonse, ndipo nambala imene inatuluka inali kutali kwambiri pansi pa 1. M'chipindamo munangoti zii. Iwo anafunsanso modekha kuti, ngati zili choncho, ndani amene akuletsa ma sphaleron a m'kati mwa thovulo kufufuta zonse zimene khomalo lalowetsa. Pakamwa panga panauma. Ndinali nditawerenga mfundo yakuti v/T iyenera kufika pa 1 kapena kupitirira kuti ma sphaleron azime m'kati mwa thovu, ndinali nditailemba ngakhale m'mawu oyamba a pepalalo, koma sindinaiyesepo pa nambala zanga. Funso lachitatu ndi limene linandimaliza, chifukwa anafuna kudziwa ngati ndinaonapo zotsatira za pa lattice (kuwerengera kwa pa kompyuta) za Kajantie, Laine, Rummukainen ndi Shaposhnikov za mu 1996, zoonetsa kuti Higgs akalemera kupitirira pakati pa 70 ndi 80 GeV kusinthako kumakhala crossover (kusintha kosalala kopanda mathovu), kutanthauza kuti thovu limene ndinaima patsogolo pakelo silinakhaleko n'komwe.

Chimene chimandiwawa mpaka pano si mafunsowo, chifukwa anali oyenera, ndipo mayiwo anachita ntchito yawo moona mtima. Chimandiwawa ndi khalidwe la bambo amene ankandiyang'anira pa kafukufukuyo. Iwowo ndi amene anandipatsa potential imeneyo pa kapepala, n'kundiuza kuti za lattice ndi za anthu okhala ndi makompyuta akuluakulu ndipo ndisataye nazo nthawi. Machaputala anga ankakhala pa tebulo pawo masabata ambiri n'kubwerera atakonzedwa zilembo zokha. Tsiku limenelo anakhala chete, maso ali pa mapepala awo, ndipo atafunsidwa maganizo awo anayankha kuti anandichenjeza kangapo konse. Sanandichenjezepo ngakhale kamodzi. Munthu wamkulu amene wapatsidwa wophunzira kuti amutsogolere sayenera kumusiya padzuwa chonchija pofuna kuteteza dzina lake, ndipo miyezi imene ndinatha ndikulembanso ntchitoyo sanandiitanepo kuti tikambirane.

Zimene ndinadzaphunzira mochedwazo ndikupatseni inu msanga. Kuwerengera kwa one-loop kumalephera pamalo penipeni pamene mukukufuna, chifukwa pafupi ndi kusinthako ma W (tinthu tonyamula mphamvu ya weak) amakhala opepuka poyerekeza ndi kutentha, ndipo zigawo zimene mukuzitaya poganiza kuti ndi zazing'ono zimakula mofanana ndi zimene mwasunga, lomwe ndi vuto limene Linde analiona kale mu 1980. D'Onofrio, Rummukainen ndi Tranberg mu 2014 anapeza pa lattice kuti crossover imachitika pa kutentha kwa pafupifupi 159 GeV, kuti pamwamba pa pamenepo liwiro la ma sphaleron ndi pafupifupi 18 α_W⁵ T⁴ (α_W ndi muyeso wa mphamvu ya weak, T ndi kutentha), ndiponso kuti amapitirizabe kugwira ntchito mpaka kutentha kutatsikira pa 132 GeV. Onetsetsani 5 ameneyo, chifukwa mapepala akale ena amalemba 4, ndipo anakonza zimenezi ndi Arnold, Son ndi Yaffe mu 1997. Sphaleron sasankha mbali. Amene amapanga ma baryon kunja kwa khoma ndi yemweyo amene amawafufuta akapanda kuzimitsidwa, ndipo zinthu zikakhazikika chimatsala ndi B yofanana ndi 28/79 ya B − L, moti ngati B − L inali 0 mumatsala chimanjamanja. Onjezaninso kuti kuphwanyika kwa CP (kusiyana kwa khalidwe la matter ndi antimatter) kochokera mu CKM (kusakanikirana kwa ma quark) ndi kochepa kwambiri kuti kufikitse pa ma baryon 6 pa ma photon 10 biliyoni alionse, monga timaonera m'chilengedwe.

Ngakhale zili choncho, musaitaye potential yanuyo. Iwerengereni yonse ndi dzanja mpaka mutulutse v/T, chifukwa ndi njira imene imaphunzitsa bwino kumene kachitundako kamachokera, ndipo mukadzawonjezera scalar wina (kanthu kofanana ndi Higgs) kuti kusinthako kukhale kwamphamvu mudzayambira pomwepo. Mukatero tengani nambalayo mupite nayo kwa amene akukuyang'anirani sabata ino, muwamvere chifukwa iwo ayenda njirayi nthawi yaitali kuposa inu, koma muwapemphe kuti zimene akulangizani pa nkhani ya lattice akulembereni pa imelo.