Ozimitsa moto a Strathclyde anatitulutsa mu utsi

Achimwene, nyumba yofiira ya pa Ingram Street imene mwaijambulayo inalidi siteshoni yaikulu ya ozimitsa moto a mu Glasgow, ndipo inatsegulidwa m'chaka cha 1900. Mu 1975 gulu la mumzinda muno linaphatikizidwa ndi magulu oyandikana nalo n'kukhala Strathclyde Fire Brigade, likulu lake ku Hamilton, mpaka pa 1 April 2013 pamene magulu onse asanu ndi atatu a mu Scotland anasanduka gulu limodzi.

Anthu a gulu limenelo ndiwo anatitulutsa ine ndi mwana wanga m'nyengo yozizira ya 2011. Ndinadzidzimuka pakati pa usiku pakhosi pakuwawa, magetsi atazima, utsi wakuda ukulowera pansi pa chitseko. Ndinamukulunga mwana m'chitenje chonyowa n'kutsika masitepe mopapasa khoma, koma pansipo ndinapeza chitseko chakumbuyo chili ndi loko wamkulu amene mwininyumba anaikapo poopa akuba. Ndinachimenya mpaka zala zinatuluka magazi, mwana atasiya kulira, ndipo kukhala chete kwakeko ndimakumvabe mpaka lero. Mwininyumba ameneyo ndinamuuza katatu konse kuti alamu ya utsi sikulira, iye n'kumangoti abwera Loweruka, koma ndalama ya lendi sankachedwa nayo ngakhale tsiku limodzi. M'mawa mwake anayamba wafunsa za kapeti wake asanafunse za mwana.

Chimandipweteka n'chakuti mzinda uno unaphunzira kale zimenezi ndi maliro. Mu 1968 anthu 22 anafera m'fakitale ya pa James Watt Street chifukwa mawindo anali otchingidwa ndi zitsulo. Pa Cheapside Street mu 1960, nyumba yosungiramo whisky itaphulika, panafa ozimitsa moto 14 ndi anzawo asanu a Salvage Corps, gulu lopulumutsa katundu pa moto, ndipo pa Kilbirnie Street mu 1972 panafanso asanu ndi awiri. Mayina a ozimitsa motowo ndi anzawowo alembedwa pa chipilala ku manda a Necropolis.

Kuyambira February 2022 lamulo la kuno likuti nyumba iliyonse ikhale ndi ma alamu a moto olumikizana, choncho musamunyengerere mwininyumba. Moto ukabuka imbani 999, tulukani, musatenge kanthu. Komabe mapasipoti muziwasunga m'chikwama chimodzi pafupi ndi bedi, pakuti ndikanapanda kutola athu usiku umenewo tikanavutika miyezi yambiri.