Funsani Azakhali: Ndikalowa mu laibulale ndimangozungulira, ndiyambire pati?

Azakhali, ndine mtsikana wa zaka 20, kwathu ndi cha ku Santhe koma pano ndili chaka choyamba pa koleji ya uphunzitsi kuno ku Kasungu. Atipatsa asaimenti yoti tilembe zifukwa zomwe ana a sitandade 1 ndi 2 amavutikira kuwerenga, ndipo alekichala anenetsa kuti akufuna mabuku ndi ma atiko enieni osati zongokopera pa Google. Vuto langa ndi loti ku CDSS komwe ndinaphunzira kunalibe laibulale, timabuku tochepa tomwe tinalipo tinkakhala m'makatoni mu ofesi ya ahedi, ndiye kuno ndikalowa ndimangozungulira mashelefu, kutsegula ili kubweza, kutsegula ilo kubweza, mpaka nthawi kutha kutuluka chimanjamanja. Kufunsa ndimachita manyazi poti anzanga amaoneka ngati zonse akuzidziwa. Ndithandizeni.
Wophunzira uphunzitsi, Kasungu

Mwanangu, anzako ukuwaona ngati akudziwawo ambiri akungozungulira ngati iwe ndemwe, kungoti iwo sanalembe kalata. Ndipo kuzungulirako ine ndikudziwa komwe kukuchokera, ukumalowa utanyamula funso lonse la alekichala m'mutu nkumafuna buku lomwe pachikuto pake alemba funsolo ndendende, buku loterolo kulibe mwana wanga. Ntchito imayambira panja usanalowe. Tenga kope, funso lija uliphwanye likhale timawu tiwiri titatu, ndipo poti mabuku ambiri a pa koleji ali m'Chingerezi timawuto tikhalenso ta Chingerezi, monga reading, literacy, early grade, mother tongue, large classes, kenako Malawi. Udzifunse wekha kuti mwana wa sitandade 1 kwanu ku Santhe chimamuvuta nchani, kalasi yodzadza mwina, kusowa kwa mabuku, kujomba nthawi ya fodya, njala, chilichonse mwa izi ndi khomo lolowera.

Tsopano yang'ana pamsana pa buku lililonse, pali kapepala komata kali ndi nambala. Anthu ambiri amaiona nambalayi ngati zokongoletsa za a laibulale koma ndiyo keyala ya bukulo. Malaibulale ambiri a m'sukulu ndi m'makoleji amatsata dongosolo lomwe anakonza Melvil Dewey wa ku America mu 1876, iye anagawa nzeru zonse m'magulu khumi kuyambira 000 mpaka 900. Zili ngati mumsika wa Kasungu, wofuna usipa sakaufunafuna ku kaunjika, amadziwa mbali yake. Zachipembedzo zili m'ma 200, ziyankhulo m'ma 400, sayansi ndi masamu m'ma 500, zaulimi pa 630, mbiri ndi jogalafe m'ma 900, ndipo mbiri ya Malawi weniweniyu ili pa 968.97. Iwe kwanu ndi 370, apo ndiye pa maphunziro, ndipo ngati pali nambala yoti uiloweze pamtima zaka zonse uli pa kolejipo ndi imeneyi. Mkati mwa 370 muja 371.3 ndi njira zophunzitsira, 371.9 ndi za ana ofunika chithandizo chapadera, 372 ndi maphunziro a pulaimale, ndiye 372.4 ndi kaphunzitsidwe ka kuwerenga, asaimenti yako yagona pamenepo. 370.15 usaidumphe, ndi ya momwe mwana amaganizira ndi kuphunzirira.

Pomwe ambiri amasochera ndi pa kadontho. Manambala a kumanja kwa kadontho sawerengedwa ngati ndalama ayi, umawerenga imodzi imodzi, ndiye 372.35 imabwera 372.4 isanafike ngakhale 35 akuoneka wamkulu kuposa 4, chifukwa ukuyamba wayerekeza 3 ndi 4. Pansi pa nambala nthawi zambiri pamakhala malembo atatu oyamba a dzina la bambo la wolemba, ndiye mabuku a nambala imodzi amandandalikidwa motsata alifabeti. Shelefu umaiwerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, pamwamba kutsika pansi, ukamaliza chigawo chimodzi ndi pomwe ukusamukira china. Ukadzapita ku yunivesite ukhoza kukapeza kuti nambala ikuyamba ndi lembo, L ya maphunziro, S ya ulimi, R ya zachipatala, limenelo ndi dongosolo la Library of Congress, usadzadabwe, nzeru yake ndi yomweyi.

Katalogi ndi yomwe imakuuza nambala. Kwina ndi kompyuta yomwe amaitcha OPAC, kwina akadali makhadi m'madilowa kapena buku lalikulu la pa desiki, zonsezi ntchito yake ndi imodzi, umafufuza ndi dzina la wolemba, mutu wa buku kapena nkhani yake. Lemba timawu tako tija tiwiri basi osati chiganizo chonse, ukapeza buku lokusangalatsa kopera nambala yonse ndi malembo omwe, osadalira mutu, ukafika pa shelefu waiwala. Ndiye ukafika pamenepo usangotenga lako lija nkuthawa, ima pang'ono uone oyandikana nalo kumanzere ndi kumanja chifukwa onsewo akukamba nkhani imodzi, kawirikawiri buku lokuthandiza kwambiri limakhala lomwe sunabwerere. Ukaona lolembedwa REF dziwa kuti ndi lowerengera momwemo, silituluka.

China chomwe ku sekondale sanatiphunzitse bwino, buku la pa koleji sumaliyamba pa peji 1 ngati nthano. Tsegula kutsogolo uone mndandanda wa mitu, pita kumapeto pa index ufufuze mawu ako, ikakuuza kuti reading ili pa peji 88 mpaka 104 werenga pamenepo. Tembenuzanso peji ya mutu wa buku, kuseri kwake kuli chaka chomwe linasindikizidwa, ndipo chakacho ndi chofunika pa nkhani yakoyi chifukwa buku lolembedwa isanafike 1994 silikudziwa za kuchuluka kwa ana komwe kunabwera ndi pulaimale yaulere, ndipo lolembedwa isanafike 2016 silingakambe za National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga, yomwe ukaipeze m'kalasi pa tichingi pulakatisi. Sikuti akalewo ndi otaya, koma dziwa kuti akuyankhula ali nthawi iti. Nthawi yomweyo lemberatu dzina la wolemba, chaka, mutu, osindikiza ndi peji, izi anthu amati ndidzalemba pomaliza kenako usiku woti mawa akapereke asaimenti buku lija lili ndi munthu wina. Ndipo kumapeto kwa chaputala kuli mndandanda wa mabuku omwe wolembayo anawerenga, buku limodzi labwino likulozera ena asanu omwe alekichala akufunawo.

Za manyazizo ndiye ndikudandaulira, zisiye. Munthu wa pa desiki uja anapita ku sukulu kukaphunzira zimenezi, ntchito yake si kudinda madeti kokha kapena kuletsa phokoso, ndipo a laibulale amasangalala akapeza wophunzira wobwera ndi funso. Kungoti pofunsa usanene kuti ndikufuna buku la education, uwaonetse pepala la asaimenti, uwauze mawu omwe wayesa ndi pomwe wakanika. Kwanu konkuno ku Kasungu, William Kamkwamba wa ku Wimbe atasiya sekondale chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002 ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa pulaimale, Chingerezi chinkamuvuta koma ankatsata zithunzi nkumafunsa matanthauzo a mawu, mpaka anapanga makina a mphepo opangira magetsi pakhomo pa makolo ake. Iwe uli ndi mabuku ochuluka kuposa omwe iye anali nawo, komanso alekichala pafupi.

Azakhali, ine ndine mphunzitsi wa pa sekondale ina cha ku Mkanda, ndikuchita digiri yophunzira uli kunyumba. Pulojekiti yanga ndi ya mbiri ya boma la Mchinji nthawi ya atsamunda, koma ndikalemba Mchinji pa intaneti zikungobwera nkhani za mtedza, za boda ndi za ndale za masiku ano. Ma atiko ochepa omwe ndawapeza akuti ndilipire madola kuti ndiwerenge, ine malipiro ake ati. Bandulo ikungothera chabe.
Mphunzitsi, Mchinji

Aphunzitsi, ndalama musalipire, ndipo mbiri ya kwanu inalembedwa ndithu kungoti mukuiitana ndi dzina lomwe olemba a nthawi imeneyo sankalidziwa. M'mapepala a atsamunda Mchinji ndi Fort Manning, Malawi ndi Nyasaland mpaka 1964, Chipata tsidya linalo ndi Fort Jameson, Zambia ndi Northern Rhodesia. Dzina la mtundu wa Achewa olemba ena ankalilemba Cewa kapena Achewa, chiyankhulo ankachitcha Nyanja kapena Chinyanja. Ndiye siyani Google wamba, tsegulani Google Scholar, ndi yaulere ndipo imafufuza zolemba za akatswiri a maphunziro ndi kafukufuku zokhazokha, mulembe "Fort Manning" mkati mwa tizizindikiro ta mawu ogwidwa kuti isakupatseni Fort payekha Manning payekha, muonjezere Nyasaland. Yesaninso Mpezeni ndi Ngoni chifukwa nkhondo ya 1898 ya Angoni a Mpezeni ndi Azungu inakhudza dera lonselo, komanso mishoni ya Kachebere poti a mishoni ankalemba kwambiri za madera omwe ankakhala. Mawu amodzi akakana sinthani, kufufuza ndi kuyesayesa.

Zotsatira zikabwera yang'anani kumanja, ngati palembedwa PDF ndiye kuti mutha kutsitsa ulere. Ngati palibe dinani pa All versions, nthawi zina atiko yomwe uku akugulitsa wolemba anaiika yekha pa tsamba la yunivesite yake. Pali kenanso kolembedwa Cited by, ako kamakuonetsani omwe anagwiritsa ntchito atikoyo pambuyo pake, ndiye mndandanda wa kumapeto kwa atiko ukukubwezani m'mbuyo pomwe Cited by ikukupititsani kutsogolo, mukaphatikiza ziwirizi atiko imodzi yabwino ikhoza kukudyetsani pulojekiti yonse. Posunga bandulo werengani kaye abstract, kandime kachidule ka pamwamba kaja, musanatsitse chinthu cha mapeji 40 chomwe sichikukukhudzani.

Koma chomwe chimandipweteka ndi choti ophunzira a kutali ngati inu mumalipira fizi mofanana ndi anzanu koma laibulale simuigwiritsa ntchito poganiza kuti ndi ya okhala pa kampasi. Ndi yanunso. Malaibulale a m'dziko muno ali ndi mgwirizano wotchedwa MALICO womwe unayamba mu 2003, amasonkherana kuti ophunzira awo aziwerenga ma jenala, magazini a kafukufuku, a pa intaneti, komanso pali Research4Life yomwe imalola masukulu a m'maiko ngati Malawi kuwerenga ulere, mkati mwake muli Hinari ya zaumoyo ndi AGORA ya zaulimi. Munthu sulembetsa pawekha, imalembetsa ndi sukulu, ndiye imbani kapena lembani imelo ku laibulale ya yunivesite yanu, muwapatse nambala yanu ya wophunzira nkufunsa momwe mungalowere muli ku Mchinji. Ngati zavuta atumizireni mutu wa atiko, wolemba ndi chaka, muwapemphe akuthandizeni kuipeza. Kwa inu a mbiri malo oyamba kufunsa ndi JSTOR, nkhokwe ya ma jenala ya pa intaneti, mmenemo muli Society of Malawi Journal yomwe inayamba mu 1948 ndi dzina loti Nyasaland Journal, ndipo JSTOR imalola munthu kutsegula akaunti yaulere nkumawerenga ma atiko angapo pamwezi pa sikirini. African Journals Online nayo ili ndi ma jenala a muno mu Africa, ambiri aulere. Olembanso ndi anthu, imelo yaulemu yopempha kope ya atiko yawo ambiri amaiyankha.

Holide ikubwerayi ngati thumba lilola, malipoti a ma DC ndi makalata akale a boma amasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House. Ulendo wochoka ku Mkanda ndi wautali ndiye muyambe mwalumikizana nawo kuti mudziwe zoyenera kutenga. Komanso musaiwale agogo ndi mafumu a kwanu, zomwe DC analemba ndi mbali imodzi chabe, koma mufunse kaye supavaiza wanu za chilolezo chofunsira anthu mafunso.

Azakhali, mnzanga akuti ndisamavutike ndi laibulale, ndingofunsa ChatGPT indipatse mabuku oti ndilembe kumapeto kwa asaimenti. Nanga poti buku lomwe alekichala anatiuza pa shelefu silipezeka, katalogi ikuti lilipo koma kulibe.
Mnyamata wa ku Chamama

Mwana wanga, ChatGPT itha kukuthandiza kumvetsa mawu ovuta kapena kukupatsa mawu ena ofufuzira, koma pa mayina a mabuku nthawi zina imapeka, wolemba wooneka weniweni, chaka, mutu wokoma, koma chinthucho kulibe. Chilichonse yakupatsa kachifufuze mu katalogi kapena pa Google Scholar, ndipo chomwe sunachitsegule ndi maso ako usachilembe pa asaimenti, alekichala akafufuza nkupeza kuti kulibe mlandu ukhala wako osati wa foni.

Za buku losowalo, funsa pa desiki ngati lili pa short loan kapena reserve, mabuku omwe kalasi yonse ikuwafuna amawachotsa pa shelefu nkumabwereketsa kwa maola ochepa kuti aliyense alione. Yang'ananso pa tebulo kapena pa ngolo ya mabuku obwezedwa kumene. Ngati konseku kulibe mwina wina walibisa pa nambala ina kuti aziwerenga yekha, khalidwe limeneli limandiwawa mtima chifukwa buku loikidwa malo olakwika ndi lotayika kwa aliyense, ena mpaka kung'amba mapeji buku lomwe koleji ili nalo limodzi lokha. Uwauze a laibulale nambala yake alifufuze, iwe uyang'ane mashelefu a pamwamba ndi pansi pa malo ake ndi kuseri kwa mabuku ena, ndipo podikira tenga loyandikana nalo la nambala yomweyo uyambepo kuwerenga, mawa m'mawa akangotsegula ukhale woyamba pa desiki.