Chiponde sichifuna madzi, mayi

Mayi wina wa ku Matawale wandilembera imelo. Akuti akasinja mtedza umangothera pa nsinjiro osafika pa chiponde, ndiye anathirako madzi pang'ono kuti ufewe. Patangotha masiku anayi botolo lonse linayamba kununkha.

Madziwo ndi amene andiwawa mtima. Mayi, mtedza ndi madzi sizigwirizana, kuyambira tsiku lokumba mpaka tsiku lopaka pa buledi. Chimene chimafewetsa chiponde ndi mafuta a mu mtedza momwemo, pakuti pafupifupi theka la njere iliyonse ndi mafuta. Mukathira madzi chimagwirana n'kulimba, kenaka chuku chimapeza pomera.

Ndipo nkhani ya madziyi imayambira kutali. Alipo anthu amene amawaza madzi pa mtedza wa makoko kuti usavute kuswa, ena kuti ulemere pa sikelo. Mtedza wotere ukalowa m'thumba umachita chuku chomwe chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi pang'onopang'ono, amatha kuyambitsa khansa ya chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Ambiri amaganiza kuti moto umatsuka zonse. Ayi ndithu. Kuno ku Zomba tiyenera kusamala koposa, chifukwa mvula imatigwera yambiri, ndipo mu June ndi July, mtedza ukungochoka kumunda, chiperoni chimabweretsa chinyontho. Thumba losiyidwa pa simenti kapena lotsamira khoma limayamwa chinyonthocho.

Chimene sindidzachivomereza ndi chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino, wotsalira posankha n'kumausinja kuti ana adyere phala. Poti wasinjidwa suonekanso kuipa kwake, komatu woipitsitsa ndi womwewo. N'chifukwa chake ndimati gulani mtedza wathunthu, makamaka wa makoko, muuswe nokha. Mukagwedeza khoko njere zizilira mkati. Mukaluma njere izithyoka kuti thyo, osati kufewa ngati yaiwisi. Thirani pa lichero musankhe imodziimodzi: yonyala, yosweka, yakuda, yobooledwa ndi tizilombo, yonse itayidwe. Ngakhale nkhuku musaipatse.

Mtundu wa mtedza nawonso uli ndi mbali yake. CG7, wofiira uja, ali ndi mafuta ochuluka ndipo sachedwa kusanduka chiponde. Chalimbana, wa njere zikuluzikulu, ndi wokoma pokukuta koma posinja amatopetsa, ndipo nthawi zina amafuna kumuthandiza ndi mafuta ophikira.

Kukazinga

Apa ndi pomwe ndikukayikira kuti panalakwika. Mtedza wosapsa bwino sutulutsa mafuta. Tengani kilogalamu imodzi, muigawe pawiri, mukazinge mu chiwaya chokhuthala pa mbaula ya makala amene ayamba kale kuphimbidwa ndi phulusa. Takasani osalekeza kwa mphindi 15 mpaka 20. Moto waukali umapsereza kunja mkati muli mwawisi, ndipo chiponde chake chimawawa. Fikisani njere imodzi ndi zala: khungu lizichoka losavuta, mkati muzioneka mofiirira pang'ono mpaka pakati. Amene muli ndi uvuni, ikani pa madigiri 170 kwa mphindi zomwezo, n'kutembenuza kamodzi. Mukaphula yalani msanga pa lichero, chifukwa ukatsala mu chiwaya umapitiriza kupsa. Pakatha mphindi zisanu fikisani ndi manja, mupete. Khungu likatsala lambiri chiponde chimakhakhala pakhosi.

Tsopano funso lanu lenileni. Munasiya msanga, mayi. Mtedza posinja umayamba wakhala nsinjiro, kenaka umagwirana n'kukhala chibuma chomata ku munsi, ndipo ambiri amagwa mphwayi pamenepa. Pitirizani, chibumacho chiyamba kunyezimira n'kusungunuka chokha. Sinjani ukadali wofunda, makapu awiri okha pa ulendo umodzi, mu mtondo wouma bwino. Pa blenda, makina a magetsi ogayira zakudya, yatsani mphindi imodzi, zimitsani, palani m'mbali, dikirani injini izizire, apo ayi ipsa. Mchere ndi theka la supuni yaing'ono pa theka la kilogalamu, ndipo muthire kumapeto. Chikakanabe kufewa, onjezani supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira.

Sungani m'botolo lagalasi lomwe mwaliwiritsa n'kuliumitsa padzuwa, ndipo supuni yonyowa isalowemo. Pa shelefu pozizira chimatha masabata atatu kapena anayi, mu fuliji miyezi iwiri. Mafuta akayandama pamwamba musawakhuthule, takasani abwerere pansi. Koma botolo lija lanunkha kale litayeni lonse, musayese kuchotsa pamwamba pokha.