Makope apite pa kaliyala, laputopu yokha ikhale kumsana

Aphunzitsi, mwafunsa ngati mugule chikwama chobereka kumsana kapena zikwama zolendewera m'mbali mwa kaliyala, poti tsiku lililonse mumapalasa kuchokera pa Kasungu boma kupita kusukulu cha kunjira ya ku Mtunthama, mutanyamula makope a ana, laputopu ndi chakudya chamasana. Ine ndikuti katunduyo isenze njinga.

Makope a kalasi yonse amalemera, ndipo pa dzuwa la Okutobala chikwama chakumsana chimatseka mpweya. Mukamafika pasukulu malaya anyowa chuu, malamba akudyani m'mapewa, ndiye muyime choncho pamaso pa ana mpaka masana. Chimene ndimaopa kwambiri n'chakuti mukacheuka kuti muone lole ikubwera kumbuyo, chikwama cholemera chimakukokerani mbali imodzi, njinga n'kupatukira pakati pa msewu. Katundu wolendewera m'mbali amakhala m'munsi, pafupi ndi tayala, motero njinga imakhazikika ngakhale mutalowa pamchenga.

Musavutike kusaka zikwama zakunja zija, n'zodula. Gulani nsalu yolimba ya tenti, telala akusokereni matumba awiri olumikizana pamwamba, oti muzingowayalika pa kaliyala n'kumanga. Koma mumuuze aike kathabwa kopyapyala kapena pulasitiki wolimba kumbali yoyang'ana tayala, apo ayi thumba lidzalowa m'masipoko muli paliwiro. Owotcherera zitsulo angakuonjezereninso timizati tiwiri mbali iliyonse totchinga. Musanalipire, kwerani mupalaseko pang'ono. Chidendene chikamagunda thumba, alisunthire kumbuyo. Popakira, gawani makope mofanana uku ndi uku.

Yang'ananinso kaliyala amene muli naye. Wa njinga ya Buffalo anamupangira katundu wofika makilogalamu 100, ameneyo palibe nkhawa. Koma njinga zambiri zamagiya za pakaunjika zimabwera zopanda kaliyala, kapena ndi kakang'ono komangirira pachitsulo cha chishalo chokha. Kameneko musakasenzetse makope, kamapindika msanga.

Laputopu yokha ndiyo musaike m'mbali. Mukasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, bampu iliyonse imafika pa kaliyala mwachindunji, pomwe kumsana miyendo ndi thupi lanu zimachepetsa kugwedezekako. Iberekeni m'kachikwama kakang'ono, payokha siyilemera. Ndiponso mukaimika njinga pamsika kuti mugule ndiwo, chinthu chodulacho muli nacho pathupi.

Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, musakhulupirire nsalu ya tenti yokha, madzi amalowera m'misoko. Kulungani makope m'jumbo musanawaike m'thumba, ndipo ngati njinga yanu ilibe madigadi wakumbuyo, muikiretu, chifukwa matope onse a tayala amathera pamatumba omwewo.