Kudumpha kwa mufilimu ya Supercross n'kotheka

Mwafunsa ngati njinga yamoto ingadumphedi monga mufilimu ya Supercross ya 2005, ija ya anyamata awiri apachibale. Ingathe. Chimene anthu anaidandaulira kwambiri filimuyi ndi kufooka kwa nkhani yake.

Njinga ikakhala m'malere, wokwera amaiwongolera ndi tayala lakumbuyo. Mutu wa njingayo ukaloza pansi amawonjezera moto, tayalalo n'kuzungulira mwamphamvu, mutu n'kudzuka. Ukadzuka mopyola muyeso amagwira kilachi n'kuponda buleki yakumbuyo kuti utsike. Kilachiyo ndi yofunika, apo ayi injini imazima. Potera amalunjika potsetsereka pa mulu wachiwiri wa dothi (woyamba ndi wodumphirapo) ataimirira, mawondo atapana njinga, moto ulipo pang'ono. Akaperewera n'kugunda nsonga ya muluwo, masipuling'i amafika pothera, mphamvu yonse n'kulowa m'akakolo ndi m'manja. Mafupa amathyokera pamenepa.