Tindege topita ku Majete n'ta ndani?

Funso: Ndimagulitsa nsomba pamsika wa Nchalo. Mwana wanga wa Fomu 3 sandipatsa mpata ndi mafunso a tindege timene timadutsa kulowera ku Majete. N'ta ndani? Munthu wamba angakwere? Nanga bwanji timakonda kudutsa m'mawa?
Mayi wa ku Nchalo

Yankho: Mayi, tambiri mwa tindegeti n'tahayala, ngati lole imene mumachita hayala popita kumaliro. Simulipira mpando ayi. Mumalipira ndege yonse, powerengera maola amene yauluka, ndipo ikabwerera ku Chileka yopanda munthu, ulendo umenewonso uli pamutu panu. Choncho aliyense angakwere, bola thumba. Kunja, kuyambira nthawi ya Covid-19 mu 2020, anthu andalama ambiri anazolowera hayala, ndipo makampani ena amagulitsa motchipa pa intaneti ulendo wobwerera wopanda anthu uja.

Okwera ambiri kuno ndi alendo odzaona nyama ku Majete, nkhalango imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2003. Ndege yotchuka pa maulendo otere mu Africa muno ndi Cessna Caravan, ya injini imodzi, yonyamula anthu 9 kapena kuposerapo, yotha kutera pabwalo lafumbi.

Funso la m'mawalo landisangalatsa, mwanayu ali ndi maso. Ndinakulira ku Ngabu, ndipo dzuwa la Okutobala ndimalidziwa, lija lopitirira madigiri 40. Mpweya ukatentha umapepuka. Mapiko sagwira bwino, injini nayo imachepa mphamvu, ndiye ndege imafuna bwalo lalitali kuti inyamuke, apo ayi woyendetsa achepetse katundu kapena anthu. Masana nthaka yotentha imatulutsa mpweya wokwera m'mwamba, ndege n'kumadumpha ngati minibasi pamsewu wa zigumugumu. M'mawa, kukadali kozizira, zonsezi zimachepa.

Chimene chimandikhudza ine si alendowo. Pa madzi osefukira a 2015, komanso pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, anthu a ku Makhanga ankafikiridwa ndi maboti ndi mahelikopita basi. Madironi, tindege ting'onoting'ono touluka popanda munthu m'kati, nawo anyamulapo mankhwala kupita ku zipatala zakutali m'maboma a Nsanje ndi Chikwawa. Ntchito zimenezi zimafuna oyendetsa ndi amakaniko odziwa Chigwa cha Shire. Muuzeni mwanayo alimbikire Masamu, Physics ndi Chingerezi, poti woyendetsa ndege amalankhulana ndi a pabwalo m'Chingerezi.